Masitepe a Pakhomo pa Wamakiyi

Tsiku limenelo kunacha ndi mitambo yolemera, yotsika ngati ikufuna kutsamira madenga, koma mvula inkangoopseza osagwa. Wamakiyi anali atatsegula kale kashopu kake, kachipinda ka kutsogolo kwa nyumba kamene zenera lake linkayang'ana kumsewu, pamene anamva lole ya mlamu wake ikulowa chafutambuyo pabwalo. Anaidziwa ndi kutsokomola kwake. Anazimitsa makina osemera makiyi, nasuzumira.

Mlamuyo anali mlongo wake wa malemu mkazi wake. Anali womanga nyumba, munthu wamimba ndi wamawu, woti akalowa m'chipinda mipando imachepa. Anatsika mu lole nayamba kutsitsa simenti, mchenga, matabwa ndi wilibala, osafunsa munthu.

"Alamu, mwadzuka? Musavutike, pitirizani kukanda tizitsulo tanuto. Ine ndabwera kudzachotsa manyazi pakhomo pano."

"Manyazi ati?"

"Awa." Analoza ndi phazi masitepe otsika kuchokera pakhonde kufika pabwalo.

Nyumba ya wamakiyi inamangidwa pokwera, ndipo masitepe ake anali aatali ndi opapatiza. Kale palibe ankawaganizira. Koma chaka chathacho mwana wake, mtsikana mmodzi yekhayo amene mkazi wake anamusiyira, anagundidwa ndi galimoto akuchokera ku koleji, ndipo anatuluka m'chipatala ali pa chikuku, miyendo itasiya kumumvera.

Wamakiyi anachita zimene manja ake ankadziwa. Mwanayo asanafike, anazula maloko onse a m'nyumba nawatsitsa kuti munthu wokhala pansi awafikire. Anachotsa chitseko cha kukhitchini chimene chinkathina. Anasema makiyi a khomo lililonse, nawamanga pa mphete imodzi, nawaika m'manja mwa mwana wake.

"Mayi," anatero, pakuti ndi momwe ankamuitanira kuyambira ali khanda, "nyumba ndi yanu. Mukafuna kutuluka, tulukani. Sindidzakufunsani kumene mukupita, kapena nthawi yobwerera."

Chimwalirire mkazi wake, anali asanalankhulepo mawu ambiri chonchi nthawi imodzi.

Mawuwo sanawatole pamsewu. Mkazi wake anakulira m'nyumba ya alongo okhaokha, momwe ngakhale kukagula sopo kunkafuna chilolezo, ndipo wolamula wamkulu anali womanga yemweyu. Atakwatirana, wamakiyi sanamufunsepo mkaziyo kuti wachokera kuti. Tsiku lina mkaziyo anamuuza kuti anayamba kupuma bwino atalowa m'nyumba yake. Mawu amenewo wamakiyi anawasunga ngati chuma, ndipo mwana wake anamulera momwemo. Sanamuletse kanthu. Sanamukakamize kanthu. Ngakhale chikuku sankachikankha mwiniwake asanapemphe, poona kuti kukankha munthu ndi kumusankhira njira.

Koma mwanayo sankapempha. Anatengera bambo ake khosi louma. M'mawa ankatsegula chitseko ndi kiyi wake, nafika pakhonde, naima pamwamba pa masitepe, nayang'ana msewu mpaka dzuwa litamupeza. Kenako ankabwerera m'nyumba. Wamakiyi ankamuona pa zenera la shopu namaganiza kuti mwanayo wasankha kukhala. Akanangonena, akanamubereka kumsana mpaka kumene akufuna. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Miyezi inapita chomwecho mpaka womanga anabwerako ku ntchito ina yakutali. Anafika kudzazonda, napeza mtsikanayo pakhonde, ndipo sanafunse. Anamunyamula ngati thumba la simenti, namukhazika kutsogolo kwa lole, naponya chikuku kumbuyo, ulendo. Anabwerako dzuwa litapendeka, mtsikanayo fumbi lili mbuu kumutu, akuseka chikhakhali. Wamakiyi anaima pakhomo la shopu, kiyi wa munthu ali m'manja. Kuseka kumeneko anali atakuiwala. Kunali kwa mkazi wake, ndipo kunatuluka mu lole ya munthu wina.

Tsopano munthu yemweyo anali kukhomerera matabwa m'mbali mwa masitepe ake.

"Mwamufunsa mwiniwake?" wamakiyi anafunsa.

"Mwini nyumba kapena mwini miyendo?"

"Mwana."

"Munthu akumira mumayamba mwamufunsa ngati akufuna kuvuulidwa? Bwana, tatulukani, bambo anu akufuna kalata ya chilolezo."

Mtsikanayo anatuluka pakhonde akupalasa chikuku. "Amalume, mwayamba kale? Ndimayesa munati mawa."

"Mawa ndi la anthu osema makiyi. Ife omanga timadziwa lero lokha."

"Musaiwale kuti ine si wilibala. Kanjira kanuko kakatsetsereka kwambiri ndikagwera mu ngalande."

"Mukagwera ndikakutolani. Si ndinakutolani kale?"

Anaseka onse awiri. Wamakiyi anabwerera mu shopu nayatsa makina, ngakhale panalibe kiyi wofulumira. Phokoso la makinawo linali lokwanira kubisa mawu, koma kuseka kunkadutsabe.

Pofika masana, kanjira kotsetsereka kanali katagona pambali pa masitepe, kosalala, konyowa, kochokera pakhonde mpaka pabwalo. Womanga anatsuka zida zake, nasiya pepala lalikulu la pulasitiki pakhomo la shopu.

"Alamu, ine ndathamangira kwina. Ikayamba mvula mufunditse. Simenti wamuwisi ndi khanda, safuna kunyowa."

Mvula inayamba lole itangokhota. Inayamba ndi madontho akuluakulu, apa ndi apo, omveka pa malata ngati munthu akuponya timiyala. Wamakiyi anali ndi kiyi m'manja, wa munthu amene anati adzabwera sabata yamawa. Anatenga tupa nayamba kusalaza mano ake limodzilimodzi.

"Ababa, mvula," mwana wake anaitana.

"Ndamva."

Anapitiriza kusalaza. Pa zenera ankaona madontho akuboola simenti, tizibowo ting'onoting'ono tikuchuluka, ndipo m'chifuwa mwake china chake chinkakoma ngati munthu akukanda pomwe pakunyerenyetsa. Anauzira kiyi uja, namuyang'ana mbali zonse, namupachika pa msomali. Ndipo pamene anatuluka ndi pulasitiki, anapeza mwana wake ali pakhonde, atavula juzi yake, akuyesa kuiponya pa simenti kuti aphimbe pamene mkono wake ukanafika. Wamakiyi anafunditsa msangamsanga, natsindika m'mbali ndi njerwa. Sanayang'anane.

M'mawa mwake womanga anavundukula pulasitiki, nagwada, nasisita tizibowo tija ndi chikhato.

"Alamu, mwandiposa nzeru. Ine ndinasalaza kwambiri, matayala akanaterereka. Tizibowoti ndiye tigwira bwino. Kodi munaphunzira kuti zomanga?"

Wamakiyi anatola pepala lija nayamba kulipinda.

Simenti atauma, mtsikanayo anatsika yekha koyamba. Anagwira matayala mwamphamvu, natsika pang'onopang'ono, ndipo atafika pansi anazungulira bwalo lonse, nagwira masamba a mtengo umene unali pageti. Anatembenuka kuyang'ana ku zenera la shopu. Wamakiyi anagwedeza mutu. Anafuna kunena kanthu, koma mawu ake nthawi zonse ankafika nkhani itatha.

Kunja kwa geti msewu unali wokumbika ndi wokwera, ndipo poimira basi panali patali. Chikuku sichikanatha. Choncho womanga anayamba kubwera m'mawa uliwonse, kuliza hutala pageti, kumutenga mtsikanayo kupita naye ku yadi yake kumene ankasungira njerwa ndi matabwa. Anamupatsa tebulo ndi foni, kuti aziyankha anthu ofuna kumangitsa ndi kukangana ndi ogulitsa mchenga. Madzulo ankabwera naye.

M'nyumba munalowa mawu atsopano. Amalume akuti. Amalume anena. Amalume anandiseketsa lero. Wamakiyi ankaphika monga mwa masiku onse, naika mbale ziwiri patebulo, ndipo mwana wake ankati, "Pepani ababa, tadya kale ku yadi." Iye ankavundikira mbale inayo. Tsiku lina mayi wina woyandikana nawo, atabwera kudzasemetsa kiyi wa kabati, anati, "Koma alamu anu aja Mulungu awadalitse. Mwana uja amupatsa miyendo." Wamakiyi anasema kiyiyo molakwika, chinthu chimene sichinkamuchitikira, ndipo anayambiranso wina.

Ankadzifunsa kuti iye analakwa chiyani. Anali asanamutsekerepo mwanayo. Anali asanamukwezerepo mawu. Usiku wonse wa m'chipatala amene anagona pa benchi ndi iyeyo, pamene womanga ankangoimba foni ali kutali. Koma wobwera ndi wilibala tsiku limodzi ndiye anasanduka mpulumutsi.

Kenako madandaulo anayamba, ndipo wamakiyi anawalandira ngati mvula yoyamba.

"Amalume ndi ovuta," mtsikanayo anatero tsiku lina, akuvula nsapato ndi manja. "Ndinawauza kuti ndikufuna kubwerera ku koleji ndikamalize. Akuti za chiyani, ntchito ndakupatsa kale."

"Hmm."

"Ndiye dzulo kunabwera mnzanga wina amene tinkaphunzira limodzi. Wamwamuna. Amubweza pageti, akuti nthawi ya ntchito. Ine ndamva lero kwa mlonda."

"Hmm," anatero wamakiyi, ndipo anamuwonjezera shuga mu tiyi osafunsidwa. Usiku umenewo anagona tulo tabwino.

Koma m'mawa hutala inalira, ndipo mwanayo anatsika kanjira kaja mofulumira, tsitsi atalipesa bwino.

Nkhani yeniyeni inabwera tsiku lina lopuma. Womanga anafika wopanda zida, atavala malaya oyera, nakhala pa mpando umene unali wa mlongo wake. Mtsikanayo anali pafupi ndi zenera, maso ali pansi. Wamakiyi anadziwa kuti awiriwa akambirana kale.

"Alamu, sindizungulira. Kwathu kuli chipinda chapansi, chopanda sitepe ngakhale imodzi. Yadi ili kuseri kwa mpanda. Msewu ndi wa tala, basi imaima pageti penipeni. Mwanayu akakhale kumeneko."

"Ali ndi kwawo."

"Kwawo kumene anakhala chaka chathunthu akuwerenga magalimoto pakhonde?"

"Palibe anamutsekera."

"Ndi zimenezotu. Inu mumayesa kuti munthu akapanda kutsekeredwa ndiye kuti ndi mfulu. Munamupatsa makiyi mulu, ngati woyang'anira ndende. Kiyi wa chitseko chimene sangathe kutulukirapo ndi chidole, alamu. Bola mukanamugulira mpira."

"Akanapempha."

"Mwana wanu apemphe? Uyu? Anatengera inu. Nonse mukhoza kufa ndi ludzu mutakhala pa chitsime, aliyense akudikira mnzake atchule madzi."

Wamakiyi anayang'ana manja ake. Zala zinali zakuda ndi fumbi la chitsulo limene silichoka ndi sopo.

"Inu mumamukankha," anatero pomaliza. "Kumene mukufuna inu."

"Ndimamukankhira kumene kuli moyo."

"Mlongo wanu munkamukankhanso."

Womanga anaweramira kutsogolo pa mpando uja.

"Mlongo wanga musamulowetse m'nkhani ino. Ndinamulera ine bambo athu atamwalira. Sanagonepo ndi njala."

"Sanapumepo."

"Basi," anatero mtsikanayo. Sanakweze mawu, koma onse awiri anatembenuka. "Mukukangana ngati ndine mbuzi ya pamsika. Ku koleji tinkawerenga za anthu onga inu. Akale ankati ufulu ndi kusiyidwa, munthu asakugwire, boma lisakugwire, uziyendera nzeru zako. Ena anabwera pambuyo nati kumusiya munthu wopanda pogwira ndi kumutaya, mupatseni sukulu, mupatseni chipatala, ndiye mumutche mfulu. Akale aja n'kuyankha kuti wokupatsayo mawa adzakulamula. Tinkalemba mayeso pa zimenezi. Sindinkadziwa kuti ndidzazipeza zitakhala pa mipando m'nyumba mwathu, wina wamimba wina wowonda."

"Wamimba ndiye wakhoza mayesowo," anatero womanga.

"Simunakhoze, amalume. Mnzanga uja munamubweza."

"Anali ndi nkhope ya njala."

"Nkhopeyo ndi yoti ndiione ine." Anatembenuza chikuku kuyang'ana bambo ake, ndipo mawu ake anafewa. "Ababa, kuno palibe amandilamula. Ndikudziwa, ndipo ndimathokoza. Koma kuno sindipita kulikonse. Kwa amalume ndimatopa ndi malamulo, koma basi imaima pageti. Ndikakhala kumeneko ndikhoza kupita ku koleji ndekha, afune asafune."

"Tidzakambirana zimenezo," anatero womanga.

"Mwaona?" anatero wamakiyi.

"Ndaona, ababa. Ndipitabe."

Akanatha kunena kuti ayi. Akanatha kunena kuti nyumba ino ikhala ya ndani, ndidzaphikira ndani, amayi ako anapita ndipo iwenso. Koma munthu amene wakhala moyo wake wonse akunena kuti saletsa, sangayambe kuletsa tsiku limene kuletsako kukumukomera iye.

"Ndi ufulu wanu, mayi," anatero.

Womanga anamumenya paphewa. "Mwaona, alamu, simuli ouma monga amanenera anthu."

Anasamuka pa lole yomweyo, bedi ndi mabuku ndi chikuku kumbuyo. Mphete ya makiyi ija mtsikanayo anapita nayo, ndipo wamakiyi sanadziwe ngati anaitenga dala kapena inangotsalira m'chikwama.

Masiku otsatira nyumba inakula. Maloko otsika aja ankamuweramitsa nthawi iliyonse akafuna kutsegula chitseko, koma sanawakweze. Kanjira kotsetsereka sankakapondako. Ankatsika ndi kukwera pa masitepe ake, ngakhale atanyamula katundu, ngakhale bondo likumupweteka. Ana a m'deralo anakatulukira, nayamba kutsetserekapo ndi magalimoto awo a mawaya, ndipo iye sanawathamangitse. Anthu obwera ku shopu ankamufunsa za mwana, iye n'kumati, "Ali bwino." Ankamva kwa anthu omwewo kuti anamuona pa basi, kuti anamuona ku koleji akulembetsa, kuti womanga amamutcha bwana wa yadi pamaso pa antchito. Nkhani iliyonse yabwino inkamulasa pamalo amodzimodzi.

Foni yake inkakhala m'kabati ya zida, pakati pa maloko akale. Inalira m'mawa wina akusesa mu shopu.

"Ababa, ndikufuna wamakiyi."

"Chavuta n'chiyani?"

"Chitseko changa chilibe loko. Amalume amangolowa ngati akulowa mu yadi. Akazi awo, azakhali, nawonso, ndikapita ku koleji ndimapeza andikonzera m'chipinda, mabuku awaika pamwamba poti sindifika. Ndawauza, akuti m'nyumba mwawo simukhala zitseko zokiya. Ndawayankha kuti ndiitana katswiri."

"Ndikubwera."

Anatseka shopu dzuwa lisanakwere, chinthu chimene anachichitapo pa maliro pokha. Anasankha loko wabwino koposa amene anali naye, wolemera, wa mkuwa, amene ankamusungira munthu wodziwa kusiyanitsa. Anasamba, navala malaya ochapa. M'basi anakhala chikwama cha zida chili pamiyendo, ndipo ankadzipeza akumwetulira. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Lero loko, mawa adzati ababa mudzanditenge.

Kwa womanga kunali monga ananenera. Basi inamutsitsa pageti penipeni. Kuchokera pamenepo mpaka pakhomo panali simenti wosalala, ndipo mwana wake anabwera kudzamuchingamira akupalasa mofulumira, nkhope itadzaza, mikono italimba. Anaoneka bwino. Wamakiyi anafunafuna chizindikiro cha kuvutika pa nkhopeyo, ndipo sanachipeze.

"Mwawonda, ababa. Mukudya?"

"Ndikudya."

Womanga anatulukira kuseri akupukuta manja. "Ee, abwera a ndende. Alamu, m'nyumba mwanga mukufuna kuikamo malire ngati dziko?"

"Ndaitanidwa."

"Chitseko ndi changa."

"Wogonamo ndine," anatero mtsikanayo. "Amalume, tinagwirizana dzulo. Musayambirenso."

"Tinagwirizana chiyani, munangondiopseza kuti musiya kuyankha foni za ku yadi."

Wamakiyi anagwada pa chitseko. Anapempha mwana wake kuti afike pafupi ndi kutambasula dzanja, nalemba chizindikiro ndi pensulo pamene dzanjalo linafika mosavutikira. Anaboola, nasema ndi tchizulo pang'onopang'ono, tizipalapala tikugwera pa bondo lake. Ntchito imeneyi ankaidziwa ngati njira ya kwawo, koma anaichita mosafulumira, chifukwa mwana wake anali pambali pake akumupatsira zida asanazitchule, monga ankachitira ali wamng'ono. Womanga anaima potero, manja m'chiuno, akupereka malangizo amene palibe anawatola.

Loko analowa bwinobwino. Wamakiyi anazunguza kiyi, ndipo chitsulo chinalira mofewa, kamodzi. Anamasula makiyi onse atatu amene anabwera ndi lokoyo, nawaika m'chikhato cha mwana wake, napinda zala zake pamwamba pawo.

"Onse ndi anu."

"Imani kaye," anatero womanga. Nthabwala zinali zitachoka m'mawu ake. "Mmodzi akhale ndi ine."

"Ayi," anatero wamakiyi.

"Alamu, tamverani. Mwanayu amachoka pa chikuku kupita pa bedi ndi mikono yokha. Tsiku lina dzanja lidzaterereka. Adzagwa pansi, chitseko chokiya, kiyi ali pamwamba pa tebulo. Tidzatani? Tidzakuimbirani foni mukwere basi? Kapena moto. Mwaganizapo za moto?"

Wamakiyi anali asanaganizepo. Anaona m'maganizo mwake mwana wake ali pansi, kuseri kwa loko wa mkuwa amene anamusankha yekha chifukwa sathyoka. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti mlamu wakeyo ankanena zoona.

"Anena yekha," anatero.

Mtsikanayo anayang'ana makiyiwo nthawi yaitali. Anachotsa mmodzi namuika m'thumba la malaya. Wachiwiri anamuika m'kachikwama kamene kankalendewera pa chikuku. Wachitatu anamugwira m'zala, ndipo wamakiyi anamva dzanja lake lomwe likufuna kutambasuka. Analibweza, naligwiritsa chikwama cha zida.

"Amalume," anatero mtsikanayo, "uyu ndi wa tsiku limene ndidzakuwe. Osati tsiku limene mwandisowa, osati tsiku limene azakhali akufuna kusesa. Mukadzatsegula ndisanaitane, ndidzaitananso katswiri, ndipo ulendo umenewo simudzalandira kanthu."

"Mwamva, alamu, mmene amandilankhulira m'nyumba mwanga?" Womanga anatenga kiyiyo namumangirira pa mphete yake yaikulu, pakati pa kiyi wa lole ndi wa geti la yadi. Anaigwedeza kuti ilire. "Koma ndalandira. Wamimba wapatsidwa udindo."

Wamakiyi anayang'ana kiyi wa mkuwayo akulendewera pa lamba wa mlamu wake. Anali atanena yekha kuti onse ndi a mwanayo. Mwanayo anachita nawo zimene anafuna. Panalibe poti n'kudandaula, ndipo kusowa kwa podandaulirako ndiko kunkamuotcha.

Mwana wake anamugwira mkono. "Ababa, musatero nkhope. Inu kiyi simufunika. Inu mumagogoda."

Sanadziwe ngati amuyamikira kapena amuuza kuti malo ake ndi kunja kwa chitseko. Anafuna kufunsa. Anafunanso kufunsa ngati angamabwere tsiku lopuma, ngati angamuperekeze ku koleji tsiku lina, iye akukankha chikuku. Koma mwanayo anali asanapemphe.

"Khalani mudye, alamu," anatero womanga. "Akazi anga aphika zambiri. Kapena kudya nakonso mpaka tikupempheni katatu?"

"Shopu ili yotseka."

"Makiyi sathawa."

"Ababa, khalani pang'ono," anatero mtsikanayo. Pomwepo foni ya ku yadi inalira pamiyendo pake. Anaiyang'ana, nati, "Ndi wamchenga uja, amalume, wanama kachiwiri," ndipo anayankha ndi mawu akuthwa amene bambo ake anali asanawamvepo. Womanga anaweramira pafupi kuti amve, akuseka chamumtima, dzanja lake lili pa chogwirira cha chikuku.

Wamakiyi anapempha tsache kwa mkazi wa mlamu wake, nasesa tizipalapala tonse pakhomo la chipindacho. Analongedza zida zake m'chikwama, natuluka pageti, nakaima podikirira basi.